Tchalitchi chikamagulitsidwa, amasaina ndani?

Zikomo a tcheyamani. Monire mose, moni nonse. Ndiyankhula Chichewa popeza muno tasakanikirana, ena ndinu eni Mzuzu, enafe tinabwera ndi ntchito n'kukhazikika. Akumbuyo mukundimva? Chabwino.

Mwandiitana chifukwa ndakhala mlembi wa mpingo zaka zambiri, ndipo nkhani ngati yanuyi ndinaionapo ndi maso. Mpingo wakula, tchalitchi chachepa, Lamulungu ena akumvera ulaliki pawindo, mvula ya kuno mukuidziwa mmene imachitira. Ndiye mpingo wina wabwera, akuti tigulitseni nyumbayi, inu mukamange pa puloti yaikulu.

Funso loti kodi n'tchimo ndisachedwe nalo. Ine ndimati ayi. Amishoni a Livingstonia anayambira ku Cape Maclear mu 1875, anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako anakwera ku Khondowe mu 1894. Mpingo umasamuka. Ndipo nyumba ikapita kwa anzathu opemphera, nyimbo sizileka m'menemo. Zikanakhala zoti pasanduka bala, bwenzi tikukamba zina.

Pomwe pagona nkhani ndi apa: pa pepala, malo ano ndi a ndani?

Musayankhe kuti ndi a Mulungu, a ku ofesi ya za malo sangalembe zimenezo. Musanene kuti ndi a abusa. Abusa amabwera, amapita. Mipingo yambiri inalembetsedwa pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act, kutanthauza kuti katundu wosasunthika amakhala m'dzina la matrasti, anthu osankhidwa kusunga katunduyo m'malo mwa mpingo. Kwa ena matrastiwo ali ku sinodi kapena ku dayosizi, osati pano. Ngati zili choncho, ngakhale nonsenu mutakweza manja kuti tigulitse, popanda chilolezo cha kulikulu palibe chomwe mwagulitsa. Tsegulani malamulo a mpingo wanu, muone amene anapatsidwa mphamvu yosaina.

Kumpingo wina kumene ndinaitanidwa kukathandiza, sindiutchula, zinali zomvetsa chisoni. Anagwirizana mtengo, ogula anapereka theka, anayamba n'kupenta komwe. Tsiku lofufuza mapepala, tinapeza kuti puloti inalembedwa m'dzina la mkulu wa mpingo amene anamwalira kalekale. Iye anachita ndi mtima wabwino, nthawi imeneyo mpingo unali usanalembetsedwe, ndiye anangoika dzina lake. Koma ana ake anatulukira ndi kalata m'manja, akuti malo ndi a bambo athu. Ndinakhala pabenchi ndi mayi wina wokalamba, anatambasula zikhatho n'kundiuza kuti, “A mlembi, njerwa za khoma ili ndinasenza pamutu ine, mwana ali kumsana.” Ndinasowa chomuyankha, chifukwa dzina lake silinali papepala lililonse. Ndalama za theka zija n'kuti zitadyedwa kale ndi simenti ya kumalo atsopano. Mipingo iwiri imene inkabwerekana makwaya inasiya kupatsana moni pamaliro.

Tsono muno mu mzinda malo ali ndi eni osiyanasiyana. Ena ali m'manja mwa khonsolo ya mzinda, ena a Malawi Housing Corporation, ena a unduna wa za malo. Kwina, monga mbali zina za Mchengautuwa ndi Masasa, anthu anagula kwa mafumu n'kupatsidwa kakalata kolemba pamanja. Dziwani kuti anu ali m'gulu liti. Ngati ndi lizi, onani kuti inali ya zaka zingati, zambiri zimakhala 99, ndipo zatsala zingati. Lizi siisinthidwa dzina mwa inu nokha, pamafunika chilolezo cha amene anakupatsani malowo. Iwowo ayamba afunsa ngati muli ndi ngongole ya ground rent, ndalama yolipirira malo a lizi, a khonsolo nawo aona zawo. Itanani saveya aone mabikoni, zizindikiro za malire a puloti, chifukwa mipanda yathuyi imayenda usiku. Itananinso katswiri woyesa mtengo wa nyumba, mtengo usachokere m'mutu mwa komiti. Loya musamuope, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi ya mlandu.

Wina anandiuzapo kuti Akhristu okhaokha, mapepala n'ngachiyani, tingopempherera. Ndinamutsegulira Yeremiya 32. Mneneri akugula munda kwa mbale wake weniweni, koma anayeza masekeli 17 a siliva, analemba kalata, anaitana mboni. Makalata anali awiri, womata ndi wosamata, ndipo anauza Baruki awaike mumtsuko wadothi kuti akhalitse. Ameneyo mneneri. Nanga ife?

Ndalama zikamabwera zilowe ku akaunti ya mpingo kubanki, osaina atatu, risiti iwerengedwe pamaso pa anthu. Zoti wina wanyamula m'chikwama kuti akasunge kunyumba mpaka Lolemba, ayi.

Palinso zinthu zimene loya sadzakufunsani, koma n'zimene zimaliritsa anthu. Belu likupita kapena likutsala? Guwa? Mabenchi amene mabanja anagula pa pepa sande, ena analembapo maina a makolo awo? Mwala wa maziko uja uli pakhomo, wokhala ndi chaka ndi dzina la amene anatsegulira tchalitchi, ogula adzaumata pulasitala kapena muuchotsa? Lembani chimodzichimodzi mumgwirizano. Mulembenso tsiku lotuluka, ndipo musalonjeze kutuluka mu Januwale denga la kwatsopano lisanakhomedwe. Wofulumira adadya gaga. Mipingo ina imagwirizana kuti kwa miyezi ingapo ena azipemphera mmawa, ena masana, ndipo zimatheka.

Amayi ndi agogo amene anaumba njerwa zija muwafunse poyamba, asamve mphekesera pamsika. Akakana, khalani nawo pansi, musawapose ndi mavoti chabe.

A mlembi a mpingo uno, sabata yamawa mubwere ndi faelo ya malo ano, yeniyeniyo osati fotokope, tidzaone limodzi dzina lili pamenepo. Amayi apo mwakweza dzanja kalekale, funsani.