Ndalama ya lita imodzi ya petulo imapita kuti?

Zikomo a gulupu, mafumu nonse, a komiti ya chitukuko, amayi ndi abambo. Akabaza amene mwaima kuseliko senderani kuno, nkhaniyi ikukukhudzani kuposa tonsefe. Mwandipempha kuti ndifotokoze za mtengo wa mafuta, kuti amaukweza ndani, nanga boma limatengapo chiyani.

Dziko lathu lino silikumba mafuta, lilibenso doko la kunyanja yamchere. Petulo ndi dizilo zimabwera pa sitima zapamadzi n'kutsitsidwa ku Beira kapena ku Nacala m'dziko la Mozambique, zina ku Dar es Salaam ku Tanzania. Kuchoka kumeneko ndiye matanki aja mumawaona atandandana mumsewu. Oitanitsa ake akuluakulu ndi NOCMA, kampani ya boma imene inakhazikitsidwa mu 2010, ndi PIL, gulu la makampani ogulitsa mafuta. Tsono mvetsetsani apa: wogulitsa kunjako kwacha saifuna, amafuna dola. Madola athu ambiri amachokera ku fodya, ndipo msika wa fodya sukhala chaka chonse. Galimoto ndiye imamwa tsiku lililonse.

Mtengo wa pa pampu saika mwini filing'i. Limaika ndi bungwe la MERA, loyang'anira za mafuta ndi magetsi, limene linabwera ndi lamulo la 2004. Bungweli limawerengera mtengo wa mafuta kunja, ndalama ya mayendedwe, mphamvu ya kwacha, phindu la ogulitsa, kenako n'kuwonjezera misonkho. Ndondomeko yake imati mtengo wofikitsira mafuta kuno ukasintha kupyola 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse, wa pa pampu usinthenso, kaya kukwera kaya kutsika.

Misonkhoyi ndiyo ndikufuna tichezepo bwino. Pa lita iliyonse pali ndalama ya misewu, imene imapita ku Roads Fund Administration kuti azikwirira maenje ndi kukonza milatho. Pali ya MAREP, yokokera magetsi kumidzi. Pali ya thumba lotchedwa Price Stabilisation Fund, limene ntchito yake ili ngati ya nkhokwe: mafuta akatsika mtengo kunja timatutiramo, akakwera timatapamo kuti wogula asamve kupweteka nthawi imodzi. Palinso timisonkho tina tating'onoting'ono. Wina pano anena kuti ine ndilibe galimoto, sizikundikhudza. Ayi ndithu mayi anga, mumalipira. Mukapita ndi lichero la chimanga ku chigayo cha dizilo, mwalipira. Mukakweza wodwala pa njinga yamoto kupita naye kuchipatala, mwalipira. Thumba la feteleza, sopo, mchere, zonsezi zinafika pa golosale zitakwera lole. Ndalama ya misewu ija inunso mumasonkha nawo, choncho muli ndi ufulu wonse wofunsa za mlatho umene unakokoloka ndi madzi.

Tsopano pali chinthu chimene ambiri sitikonda kumva. Boma lililonse limaopa kukweza mafuta, makamaka chisankho chikayandikira, ndiye limagwira mtengo kuti usasunthe. Ife timaomba m'manja. Koma wogulitsa wa kunja uja satsitsa mtengo wake chifukwa choti kuno kuli chisankho. Oitanitsa amagula modula n'kumagulitsa motsika, ndipo kusiyanako amayenera kubwezeredwa kuchokera mu thumba lija. Thumba likauma, makampani amayamba kugwira ndalama za misonkho kuti atseke ngongole zawo, ndalama ya misewu osafika kumene imayenera kupita. Mafuta athu akatchipa kuposa a maiko oyandikana nafe, ena amawazembetsa kudutsa nawo malire. Mapeto ake ndi mizere. Munthu amagona m'galimoto pa filing'i, m'mawa n'kuuzidwa kuti atha, chonsecho kuseli kwa msika mnyamata ali ndi zigubu, akugulitsa ka botolo ka petulo pamtengo woposa wa boma kutalitali. Akabaza mukudziwa zimene ndikunena: petulo wa m'zigubu wina amakhala wosakaniza, njinga imayamba kutsokomola usanafike n'komwe pa siteji. Mtengo wotsika umene uli pa chikwangwani pomwe pampu ili youma suthandiza munthu.

Izi tinaziona kale. Mu 2011, nthawi ya Bingu wa Mutharika, madola anasowa, mafuta anasowa, ndipo pa 20 July anthu anatuluka m'misewu. Anthu pafupifupi 20 anataya miyoyo. Mu May 2012 boma la Joyce Banda linachepetsa mphamvu ya kwacha n'kulola kuti mtengo uziyenda ndi msika. Mafuta anapezeka, koma zinthu zinakwera ndipo mabanja analira. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, petulo n'kufika pa K2,530 lita. Mtengo umenewo unakhala osasuntha pafupifupi zaka ziwiri, ndipo mizere inabwerera.

Maganizo anga ndi awa. Kuli bwino mtengo uzisuntha pang'onopang'ono, poyera, kusiyana n'kuugwira miyezi yambiri kenako n'kutigwetsera wonse tsiku limodzi. Koma boma likatiuza kuti tilipire mtengo weniweni, nalonso litiuze zenizeni. Msonkho wa misewu watolereka zingati chaka chino? Wagwira ntchito pa misewu iti? Pajatu pa Chingeni ndi pa Kalinyeke amalipiritsanso ma toll gate. NOCMA ili ndi matanki osungira mafuta ku Matindi, ku Kanengo ndi ku Sonda, okwana malita 60 miliyoni onse pamodzi. Muli mafuta a masiku angati m'matankimo? Amenewa ndi mafunso oti a phungu akabwera muwafunse, mwaulemu koma osachita manyazi, chifukwa malamulo a misonkho amadutsa m'manja mwawo ku Nyumba ya Malamulo.

Pomaliza ndinene za nzimbe. Kuyambira 1982 ku Dwangwa amapanga ethanol kuchokera ku zotsalira popanga shuga, ndipo PressCane ku Chikwawa imapanganso. Ethanol ameneyu amasakaniza ndi petulo, ndipo lita iliyonse yochokera ku nzimbe zathu ndi dola imene sinatuluke m'dziko. Vuto ndi loti amene timapanga ndi wochepa. Chimodzimodzi mapampu a sola m'madimba: gulu la ulimi wothirira likachoka pa injini ya petulo, ladzichotsa pa mzere wa pa filing'i. A komiti, pamene mukulemba zofuna za dera lino, nkhani ya mapampu a sola ndi magetsi a pa chigayo muyiike pamwamba, popeza ndalama ya MAREP tikupereka kale.

A gulupu, ndaona manja akwezedwa kumbali ya amayi uko. Ndiime kaye kuti afunse.