Makalata a omvera: odzaika intaneti akabwera, pakhomo pakhale ndani?

Tiyambe ndi kalata yochokera ku Luchenza. Alemba ndi mayi wina amene amagwira ntchito kufakitale ya tiyi, ati: "Ndalipira kuti adzandiikire intaneti panyumba yomwe ndikuchita lendi. Akuti adzabwera Lachitatu ndi makwerero, koma ino ndi nyengo yothyola tiyi, kuntchito sangandilole kujomba. Kodi ndingasiye makiyi kwa aneba?"

Zikomo amayi polemba. Ikanakhala rauta (kabokosi kogawa intaneti m'nyumba) yongoikamo simu khadi, monga zija amagulitsa a Airtel ndi a TNM, bwenzi ndikukuuzani kuti pitani kuntchito mtima uli m'malo. Imeneyo mumalembetsa kushopu konko ndi chiphaso cha unzika, kunyumba n'kungoilumikiza kumagetsi pafupi ndi windo, basi. Koma mwatchula makwerero, ndiye kuti pali choti amangirire padenga kapena pakhoma, ndipo waya wake ayenera kulowa m'nyumba. Aboola khoma amenewo. Pamenepo pakhomo pafunika munthu wamkulu woti akafunsidwa athe kunena kuti apa inde, apa ayi.

Amisiriwa amasankha posavuta kwa iwo. Mukawasiya okha, rauta mudzaipeza ili kuchipinda chakumapeto chifukwa wayayo analowera kumeneko, pamene inu mumakhala pabalaza. Wi-Fi ikadutsa makoma awiri atatu a njerwa zowotcha imafika itafooka kale. Ndiye pali za alandilodi. Auzeni lero lomwe, asadzangoona munthu ali pamalata awo. Ndi mvula ya kuno ku Thyolo, kabowo kamodzi kosamata bwino kakhoza kukudanitsani mpaka kusamuka.

Sikuti mukhalepo ndi inu nokha ayi. Achemwali anu kapena alamu akhoza kukuimirani, koma osati mwana wa sukulu, ndiponso osati aneba ongotsegula chitseko n'kubwerera kukaphika. Musanachoke m'mawa, lembani chizindikiro ndi choko pakhoma pomwe mukufuna rautayo, pafupi ndi soketi. Woimirirayo asasaine pepala lililonse asanayese yekha pafoni, chipinda ndi chipinda. Pasiwedi alembe papepala, inu madzulo mudzaisinthe. Galu mumange.

Kalata yachiwiri yachokera ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje. Bambo awa akuti akufuna kugula Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, yoti alendo okwera phiri azigwiritsa ntchito pamalo awo ogona, ndiye akufunsa ngati kampaniyo imatumiza anthu odzaika.

Achimwene, Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi muno mu 2023, ndipo zida zake anazikonza kuti wogula aziike yekha. Ambiri amalemba mmisiri wapadera chifukwa choopa kukwera padenga, ndipo mukatero mgwirizano ndi wa inu awiri, choncho khalani pomwepo. Dishi yake imafuna kumwamba kopanda chotchinga. Kwanuko mitengo ndi yaitali, phiri nalo lili pafupi, ndiye musanakhomere chilichonse yendani ndi foni pabwalo, pulogalamu ya Starlink imagwiritsa ntchito kamera kukuonetsani potchingika. Mwina padzafunika kusadza nthambi, ndipo mmisiri sangagamule zimenezo pa mtengo wanu. Kukacha ndi chiperoni, sinthani tsiku. Malata onyowa amaterera, intaneti si yoferapo munthu.

Womaliza ndi mnyamata wa ku Bvumbwe amene wadandaula kuti anadikira tsiku lonse, odzaikawo osaoneka. Pepani achimwene, zimawawa. Komabe ndikufunseni: munawalondolera bwanji? Zoti "mukafika pachigayo mukhote" zimasocheretsa, zigayo n'zambiri. Atumizireni malo anu pa WhatsApp, mutenge nambala ya mmisiri weniweniyo, ndipo muwauze aimbe akamanyamuka ku Limbe. Akapitiriza kukuzengerezani ndalama atalandira, kadandauleni kukampaniko molemba, lisiti musunge. Zikakanika kumeneko, a MACRA, bungwe la boma loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti, amalandira madandaulo otere.