Cairns: Kumene Bedi Ndi Lotchipa Koma Usiku Ndi Wodula

Takulandirani, owonera athu. Lero tikupita kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Australia, mumzinda wa Cairns m'chigawo cha Queensland, kuti tikaone mmene bizinesi ya mahositelo a maphwando imayendera, ndiponso chimene chimakokera kumeneko achinyamata a ku Ulaya, ku America ndi ku Asia atabereka zikwama zikuluzikulu kumsana.

Cairns ndi mzinda wa m'mbali mwa nyanja, wotentha chaka chonse, koma pakati pa mzindawu palibe gombe la mchenga loti munthu n'kusambirapo. Madzi akaphwa pamatsala matope okhaokha, m'mitsinje yozungulira muli ng'ona za m'madzi amchere, ndipo kuyambira Novembala mpaka Meyi m'nyanja mumabwera ma jellyfish aululu, zamoyo zofewa zoyandama m'madzi, amene ena mwa iwo amapha munthu. N'chifukwa chake m'chaka cha 2003 munatsegulidwa dziwe lalikulu losambiramo mwaulere m'mbali mwa msewu wa Esplanade, ndipo masana achinyamatawa amagona pa kapinga wozungulira dziwelo kudikira kuti dzuwa lipendeke. Chimene chimabweretsa alendo kwenikweni ndi Great Barrier Reef, matanthwe amoyo a pansi pa nyanja amene kutalika kwake kumapitirira makilomita 2,000, koma ulendo wa pa boti wokawaona ndi wodula, moti wachinyamata wa ndalama zochepa amapitako kamodzi kapena kawiri basi. Masiku ena onse amakhala mumzinda, ali yekha, kutali ndi kwawo, ndipo apa ndi pamene eni mahositelo anapezera msika.

Hositelo ya mtundu umenewu imakhala ndi zipinda za mabedi osanjikizana, momwe anthu 6, 8 kapena kuposerapo osadziwana amagona limodzi. Khitchini ndi ya onse, ndipo aliyense amalemba dzina lake pa chakudya chimene waika m'firiji. Kufika apa sizikusiyana ndi malo otchipa ogona alendo kwina kulikonse. Kusiyana kwake n'kwakuti hositelo ya maphwando imakhala ndi bala yakeyake, zokuzira mawu, ndi ndondomeko ya zochitika za usiku uliwonse wa sabata. Yotchuka kwambiri ku Cairns ndi Gilligan's, pamsewu wa Grafton, imene ili ndi mabedi mazanamazana, dziwe losambiramo ndi malo ovinira mkati momwemo, ndipo pafupi pomwepo, pamsewu wa Shields, pali bala ya Woolshed yodziwika ndi anthu ovina pamwamba pa matebulo.

Tiyeni tione kumene ndalama zimachokera, chifukwa apa ndi pagona nkhani. Bedi lili ngati nyambo pa mbedza. Mwini hositelo sangakweze mtengo wa bedi mmene angafunire, pakuti mlendo amayerekezera mitengo pa foni asanafike ndipo amasankha potsika. Koma mlendoyo akalowa, amagula mowa pa bala ya pomwepo, amalipira kuti alowe m'gulu limene limayendera mabala angapo usiku umodzi atavala kachingwe kapulasitiki pamkono, ndipo m'mawa amapita pa tebulo la pakhomo kukagula ulendo wa ku matanthwe aja, wa ku nkhalango ya Daintree, kapena wodumpha m'ndege ndi parachuti. Pa ulendo uliwonse wogulitsidwa, hositelo imadulapo gawo lake. Ngakhale chakudya chamadzulo chotsika mtengo chimene mabala ena amapereka chili ndi cholinga chomwecho: munthu akhale pampando nthawi ya mowa isanakwane. Ndipo amene amatsogolera masewera ndi kukopa anzawo kuti atuluke m'zipinda kawirikawiri ndi apaulendo omwe, ogwira ntchito kwa miyezi yochepa, amene amadziwa bwino kuti mnyamata kapena mtsikana wofika kumene amaopa kudya yekha kuposa mmene amaopera kuwononga ndalama. Ife tikuona kuti chimene chikugulitsidwa pamalo amenewa ndi anzako a usiku umodzi, ndipo malonda amenewo sasowa wogula.

Palinso dzanja la boma. Australia imapereka visa yolola achinyamata a mayiko ena kukhala m'dzikomo chaka chimodzi akuyenda ndi kugwira ntchito, ndipo kuyambira 2005 amene wagwira ntchito ya kumidzi kwa masiku 88 amatha kupempha chaka chachiwiri. Minda ya nthochi ya ku Tully ndi Innisfail, ndi ya mango ndi mapeyala ya ku Mareeba, yonse ili pafupi ndi Cairns. Munthu amene wakhala miyezi itatu akusenza mikoko ya nthochi pa dzuwa amalowa mumzinda ali ndi ndalama m'thumba ndi ludzu la anthu, ndipo mabala amamudikira. Ena amafika pamenepa atamaliza ulendo wautali wa pa basi wochokera ku Sydney, ndipo Cairns ndiye potsanzikirana. Dziwani kuti pasipoti ya Malawi, ya Zambia kapena ya Mozambique siloledwa pa visa imeneyi, koma abale athu amene ali ndi pasipoti ya Britain amaloledwa mpaka zaka 35, ndipo kuyambira Julaye 2024 iwo sakakamizidwanso kugwira ntchito ya m'minda. Malire a dziko atatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mahositelo anasowa alendo ndipo alimi anasowa antchito nthawi imodzi.

Usiku wa ku Cairns uli ndi malire ake olembedwa m'malamulo. Kuyambira Julaye 2016, boma la Queensland linalamula kuti mowa uzisiya kugulitsidwa 2 koloko usiku, kupatula m'madera osankhidwa a zisangalalo, kuphatikizapo pakati pa Cairns, kumene malire ndi 3 koloko, ndipo zakumwa zaukali za m'timatambula tomeza kamodzi siziloledwa 12 koloko ikadutsa. Chaka chotsatira mabala otseka mochedwa m'maderawa anayamba kuunika ziphaso za olowa pa makina, kuti munthu amene analetsedwa chifukwa cha ndewu adziwike pakhomo. Mowa ku Australia ndi wodula, choncho ambiri amayamba ndi vinyo wotchipa wa m'katoni asanatuluke, ngakhale kuti mahositelo okhala ndi bala amaletsa mowa wochokera kunja. Nkhani ya moto nayo si yochepa pamalo pamene anthu ambiri oledzera agona mothithikana. Mu Juni 2000, hositelo ya m'tauni ya Childers, kumwera kwa chigawo chomwechi, inatenthedwa dala ndipo anthu 15 anafa. Pambuyo pake malamulo oteteza moto m'malo otchipa ogona anakhwimitsidwa.

Pamene bizinesiyi imadzipinga yokha ndi m'mawa. Maboti a ku matanthwe amanyamuka cha m'ma 8 koloko, ulendo wake ndi wopitirira ola limodzi pa nyanja yowinduka, ndipo munthu wa matsire amavutika nawo asanafike n'komwe. Kumira pansi pa nyanja ndi botolo la mpweya thupi lili louma ndi mowa kumawonjezera ngozi, ndipo aphunzitsi a pa boti ali ndi mphamvu yomukaniza munthu kulowa m'madzi ngakhale analipira kale. Hositelo yomwe inamugulitsa tikiti ya botilo ndi yomwenso inamugulitsa mowa mpaka 3 koloko. Amene akufuna kuona matanthwewo bwino amasungitsa malo m'mahositelo abata, amene nawonso alipo ambiri kunja pang'ono kwa misewu ya mabala, ndipo amasiya tsiku lathunthu pakati pa kumira ndi kukwera ndege, monga mmene aphunzitsi a zomira amalangizira.