Kupirira si kuchira: nkhani ya mabala a paubwana

Zikomo amayi ndi abambo, agogo athu, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Mawu akapanda kufika mundiuze, ndikweze.

Ndiyambe ndi pempho. Nkhani ya leroyi ndi yolemera. Ngati ndili mkati molankhula mtima wanu wayamba kugunda kwambiri, kapena misozi yalengeza, mutha kutuluka kukapitidwa mphepo, ndipo pasapezeke wokufunsani kuti mwatulukiranji. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati mwa amayi asanu aliwonse, mmodzi anachitidwapo nkhanza zogonana ali mwana. Musayang'anane, chonde. Ndangofuna mudziwe kuti sitikukamba za anthu akutali. Abambonso alipo ambiri, kungoti iwo ndiye amatsekeratu pakamwa.

M'chaka cha 1985, mumzinda wa San Diego ku America, dokotala wina dzina lake Vincent Felitti ankayendetsa chipatala chothandiza anthu onenepa kwambiri. Chinamuzunguza mutu ndi ichi: ambiri amene ankasiyira chithandizo panjira anali omwe zinkawayendera bwino, thupi likutsika ndithu. Munthu zikumuyendera, athawiranji? Atayamba kucheza nawo mmodzimmodzi, anapeza kuti ambiri mwa iwo anagwiriridwa ali ana. Kwa ena, thupi lalikulu lija linali ngati mpanda. Likamachepa, anthu n'kuyambanso kuwacheukira, mantha akale aja ankabwerera.

Felitti anagwirizana ndi Robert Anda wa CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, ndipo pakati pa 1995 ndi 1997 anafunsa anthu akuluakulu oposa 17,000 za ubwana wawo. Kodi munkamenyedwa? Munkatukwanidwa ndi kunyozedwa? Alipo anakugwirani thupi mosayenera? Munkaona amayi anu akumenyedwa? M'nyumba munali chidakwa, wodwala maganizo, kapena wina anamangidwa? Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 1998. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse anakumanapo ndi chimodzi mwa zimenezi. Ndipo awa sanali amphawi ayi, ambiri anali ophunzira, apantchito. Amene anakumana ndi zinayi kapena kuposa, mpata woti anayesapo kudzipha unali wochuluka ka 12 poyerekeza ndi amene sanakumane nazo. Uchidakwa, ka 7. Ngakhale matenda a mtima ankapezeka kwambiri mwa iwo.

Mwina wina akuti, matenda a mtima akugwirizana bwanji ndi chikoti cha zaka 40 zapitazo? Apa ndipofunika tikhalepo pang'ono.

Mu ubongo mwathu muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala. Ine ndimakatcha mlonda. Mlondayu akaona choopsa amaimba mluzu, thupi n'kutulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, mpweya umafupika, minofu imakungika, kuti umenye nkhondo kapena uthawe. Choopsa chikadutsa, mlonda amakhala pansi, thupi n'kuzizira. Ndi mmene tinapangidwira, ndipo n'zabwino. Koma taganizirani mwana amene choopsa chake chimagona m'nyumba momwemo. Chimadya naye, chimamulipirira sukulu, mawa chimusekerera, mkuja chimupweteka. Mlonda wa mwana ameneyu sakhala pansi. Usiku ali chilili, usana ali chilili, chaka ndi chaka. Mwanayo amaphunzira kumva mtima wa munthu pa kaponderedwe ka phazi ndi katsekulidwe ka chitseko. M'kalasi sagwira kanthu, chifukwa mutu wonse uli pa ulonda. Timuti ndi mbuli. Amakodza pogona ali wamkulu, timuti ndi waulesi. Amalusa pa kanthu kochepa, timuti ndi wamwano. Akakula, thupi lotopa ndi ulonda lija limayamba kudwala, ndipo ena amapeza kuti mowa kapena chamba ndi zokhazo zimene zimagoneka mlonda uja kwa maola angapo.

Pali chinanso chimene ndikufuna amayi ndi agogo muchimvetse, chifukwa funso limeneli lapweteka ana ambiri: "Nanga bwanji sunakuwe? Bwanji sunathawe?" Thupi likaona kuti kumenya sikutheka, kuthawanso sikutheka, limauma gwa. Mawu satuluka, miyendo siyenda. Ena amati ankamva ngati achoka m'thupi mwawo, akuonera patali. Mwana sasankha zimenezi, thupi limachita lokha pofuna kumupulumutsa. Ndiye ngati muli pano ndipo kwa zaka zonsezi mwakhala mukudziimba mlandu kuti munangokhala chete, ndimvereni: kuuma kuja sikunali kuvomera. Mlandu ndi wa wamkulu amene anachita zija, wonse, osatsalako.

Tsopano mawu amene timawakonda kwambiri: pirira. Mwana akalira timati pirira. Akakula n'kuyesa kutchula zakale timati zinapita zimenezo, ingopirira. Sindikunyoza kupirira, kunafikitsa anthu ambiri pano amoyo. Koma chilonda chomangidwa nsanza osatsukidwa chimaoneka ngati chapola, pamene mkati chikutukusira. Munthu atha kupirira zaka 50, osachira ngakhale pang'ono. Ana ake ndi amene amadziwa, mkazi wake kapena mwamuna wake ndi amene amadziwa.

Nanga chimachiritsa n'chiyani? Pa chilumba cha Kauai ku Hawaii, mayi wina wofufuza, Emmy Werner, pamodzi ndi anzake, anatsatira ana 698 obadwa mu 1955, kuyambira ali makanda mpaka atafika zaka 40. Pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse anabadwira m'mavuto aakulu: umphawi, ndewu za makolo, uchidakwa, matenda a maganizo m'nyumba. Mwa ana a m'mavutowa, mmodzi mwa atatu anakula bwinobwino, wodalirika, wachikondi. Atafufuza chimene chinawasiyanitsa ndi anzawo, chinthu chimodzi chinkabwerabwera: anali ndi munthu wamkulu, ngakhale mmodzi yekha, amene ankawasamala mosasinthasintha. Nthawi zambiri sanali kholo. Anali agogo, azakhali, mkulu wake, mphunzitsi, kapena woyandikana naye nyumba.

Mmodzi yekha, abale anga. Sanathetse umphawi, sanasiyitse bambo mowa. Anangokhala malo amene mlonda wa mwana uja ankatha kukhala pansi n'kupuma. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine ndikaona agogo akuitana mwana wa eni n'kumufunsa kuti wagona bwanji, n'kudikira yankho, ndimadziwa kuti pamenepo pakuchitika ntchito yaikulu kuposa mmene eni akewo akuganizira.

Koma gawo la kafukufukuyu limene limandigwira mtima ndi lina. Ambiri mwa ana amene anasokonekera paunyamata, amene anthu anawataya kale, pofika zaka za m'ma 30 ndi 40 anali atakhazikika. Wina anabwerera kusukulu, wina anapeza banja la mtendere, wina anapeza anthu omulandira kumpingo. Timakonda kunena kuti kuwongola mtengo n'poyamba. Pa kulera ana, n'zoona. Koma mwambi umenewu tisaugwiritse ntchito potaya munthu. Ubongo umaphunzirabe mpaka kuukalamba. Thupi limene linaphunzira mantha lingathe kuphunziranso mtendere, pang'onopang'ono, pafupi ndi anthu osaopsa.

Ndiye mwana akabwera kwa inu n'kuyamba kuulula, muchite chiyani? Choyamba, gwirani nkhope yanu. Mukakuwa, mukagwa pansi, mwana amaganiza kuti walakwitsa, ndipo amabweza mawu. Khalani naye pansi. Muuzeni kuti mwamukhulupirira, kuti si kulakwa kwake, ndiponso kuti wachita bwino kunena. Musamupanikize ndi mafunso ngati ali pabwalo la milandu. Musamulonjeze kuti simuuza aliyense, chifukwa muyenera kuuza oti amuteteze. Muuzeni zoona, kuti muuza okhawo amene angathandize. Ndipo dziwani kuti wochita zimenezi kawirikawiri si mlendo wa kutchire. Ndi munthu amene mwana amamudziwa, mwinanso amene inu mumamulemekeza. Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwa: amayamba kuteteza dzina la banja, mwana n'kumusiya yekha. Nkhani ya kugwiririra mwana si yokambirana pachibale n'kupepesana. Ndi mlandu, ndipo apolisi ndi oona za chitetezo cha ana ayenera kudziwa. Kuchipatala musachedwe. Mankhwala oteteza ku HIV, aja amati PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Olepheretsa mimba amagwira ntchito mkati mwa masiku 5, ndipo kufulumira n'kwabwino koposa. Maola 72 ndi masiku atatu okha. Mukawathera pa misonkhano ya pabanja, mwana mwamulanda chitetezo chimenecho.

Tsopano ndilankhule ndi inu akuluakulu amene mwasenza zanu. Dokotala wina wa matenda a maganizo, Judith Herman, anafotokoza mu 1992 kuti kuchira kumayenda m'magawo atatu, ndipo loyamba ndi chitetezo. Musayambe ndi kufukula zakale zonse. Yambani ndi lero: kodi pamene mukukhala mpotetezeka? Mukugona tulo? Amene anakupwetekani akadali ndi mphamvu pa inu? Phunzirani kukhazika thupi. Zakale zikakubwererani mwadzidzidzi, chifukwa cha fungo, mawu, kapena kakhudzidwe kena, pondani pansi mwamphamvu, tchulani zinthu zimene mukuziona pamalopo, kokani mpweya, ndipo poutulutsa muchedwe kuposa poukoka. Kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kumatsitsa kugunda kwa mtima. Mukatero mukuuza mlonda uja kuti zija zinali kale, pano tili pano.

Gawo lachiwiri ndi kukumbuka ndi kulira. Inde, kulira maliro a ubwana umene munalandidwa. Limeneli musalowemo nokha. Mutu umodzi susenza denga. Pezani phungu wophunzitsidwa, kapena munthu mmodzi wosunga chinsinsi amene amatha kumvetsera osakudulani. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo atakhala pa benchi panja pa chipatala, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti anthu ankapezadi bwino. Komabe ngati maganizo ofuna kudzipha akubwera, musadikire mawa. Uzani munthu lero lomwe, mupite kuchipatala. Gawo lachitatu ndi kubwerera kwa anthu: kukhulupiriranso, kusekanso, kugwira ntchito imene imakupatsani tanthauzo. Magawowa sayenda mondondozana ngati asilikali. Mwezi uno muli bwino, mwezi wamawa mwabwerera m'mbuyo. Kumeneko si kulephera.

Za kukhululuka ndinenepo pang'ono, chifukwa ambiri timapemphera. Musakakamize munthu kukhululuka bala lisanatsukidwe n'komwe, wolakwayo asanavomere n'komwe. Kukhululuka kukabwera, kubwere pa nthawi ya mwini bala. Ndipo ngakhale atakhululuka, sizitanthauza kuti atumize ana ake kukagona kunyumba kwa munthu uja.

Abambo, pali mantha amene ena mwa inu mumandinong'oneza tikakhala awiri: "Ine ndinakula ndi nkhanza, kodi sindidzachita zomwezo kwa ana anga?" Ambiri amene anazunzidwa ali ana sazunza ana awo. Kuopa kwanuko kukusonyeza kuti maso anu ali otseguka. Tsiku limene mkwiyo wakwera, dzanja lanyamuka, tulukani panja, yendani mpaka mtima utsike. Ngati mwalakwitsa kale, mwakalipa mopyola, bwererani kwa mwanayo mukagwade pa msinkhu wake, mumuuze kuti, "Mwanawe, ndinalakwa, sunayenere zimene zija." Ambiri a ife sitinamvepo mawu amenewa kuchokera kwa wamkulu aliyense, n'chifukwa chake amalemera pakamwa. Ayeseni kaye muli nokha, mokweza, kuti lilime lizolowere.

Ndaona manja angapo akwezedwa, tiyankha mafunso tsopano. Koma amene funso lake si la pagulu asavutike kulifunsa pano. Tikamwazikana ine sindichoka msanga, ndikhala pampando uwu mpaka womaliza atapita. Tiyambe ndi inu mayi, mwakweza dzanja kalekale.