Mzungu uja si agogo awo a alamu ako

Halo, iwe, waswera bwanji kumeneko? Kuno ku Kentucky, ku America, ndi 6 koloko m'mawa, ndangoweruka kumene, ndili m'galimoto sindinanyamuke. Ndati ndikujambulire pompano chifukwa ndikafika kunyumba ana andisokoneza. Umvetsere mpaka kumapeto, usangomva theka n'kuyamba kuyankha.

Nkhani ndi ya mndandanda wa makolo a alamu ako ija, umene ukulemba pa FamilySearch, webusaiti yofufuzira makolo. Choyamba zikomo, wagwira ntchito, ndaona kuti usiku umakhala maso. Koma pali pamodzi pamene walakwitsa, ndipo pafika kale kwa apongozi anga. Bambo uja wamuika pamwamba penipeni, amene unamupeza m'kalembera wa 1850, si wathu ayi. Ndi mzungu. Ukabwerera pa chithunzi cha tsambalo uone kadanga ka khungu, pambuyo pa zaka ndi pamene alemba ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Munthu wakuda amamulembera B kapena M pamenepo. Iye alibe. Ndiponso ali ndi malo a ndalama zambiri, pamene makolo a alamu ako nthawi imeneyo anali akapolo. Iwe unangoona kuti dzina la bambo ndi lomwelo, kaunti (ngati boma kwathuko) ndi yomweyo, basi n'kulumikiza.

Ndipo vuto lake, FamilySearch si kope lako la m'thumba. Mndandanda uli pamenepo ndi umodzi, wa dziko lonse, aliyense amaona zimene wasintha. Msuweni wawo wa apongozi wa ku Cincinnati ndiye waona, waimba foni dzulo madzulo. Apongozi sanakalipe, ukuwadziwa, anangokhala chete kenako n'kunena kuti dzina limenelo akulidziwa, ndi la banja limene linkasunga makolo awo. Mtima unandiwawa. Ndiye lero lomwe, magetsi akakhalapo, ulowe uchotse. Usafufute munthuyo, nayenso ali ndi zidzukulu zake zimene zikumufufuza. Ungomasula pamene wamulumikiza kuti ndi bambo wa agogo athuwo, ndipo akakufunsa chifukwa ulembe bwinobwino kuti unalakwitsa.

Mwina sindinakufotokozere mokwanira poyamba paja, ndinali pa changu. Kalembera wa kuno amachitika zaka khumi zilizonse kuyambira 1790. Koma kufikira 1840 ankangolemba dzina la mutu wa banja, ena onse ndi manambala chabe. Wa 1850 ndi woyamba kulemba aliyense wa m'nyumba ndi dzina lake, koma mfulu zokha. Akapolo mu 1850 ndi 1860 anawalemba pa mapepala ena apadera. Pamwamba dzina la mwini wawo, pansi mzere uliwonse ndi munthu: zaka zake, mwamuna kapena mkazi, khungu. Dzina ayi. Ndinakaona tsamba limodzi ku laibulale, mtsikana wa zaka 9, mnyamata wa zaka 4, khanda la miyezi ingapo, kungondandalika ngati mmene bambo ankalembera mbuzi m'kabuku kawo kaja. Ndinatseka kompyuta n'kutuluka panja kaye.

Ndiye ukamafufuza munthu wakuda wa kuno ku Kentucky, khoma lili pa 1870. Ndi kalembera woyamba amene anthu omasulidwa analembedwa ndi maina awo. Kunotu ukapolo unachedwa kutha, mpaka Disembala 1865, chifukwa chilengezo cha Pulezidenti Lincoln cha 1863 chomasula akapolo chija sichinakhudze Kentucky, poti sinapandukire boma pa nkhondo ya pachiweniweni ija. Ukapeza dzina la banja lathu pa tsamba la 1850 kapena 1860 lili ndi minda ndi chuma, ulisunge pambali, ndi lofunika, mwina ndi kumene anthu athu ankagwira ukapolo. Koma usalilumikize ngati kholo.

Eya, ndisanaiwale, amayi alandira ndalama ija? Ndinatumiza Lachiwiri, ya bandulo yako ili momwemo, usawavutitse. Ndipo andiuze ngati mwendo uja wasiya kutupa. Ndamva kuti chimanga chachita bwino ku munda wa kudambo. Iii, ine kuno ndikungolota mondokwa wootcha. Apongozi amaphika buledi wa chimanga, amafanana ndi chigumu, ndiwo zake masamba ngati repu ophikira nyama ya nkhumba, ndimadya ndithu, koma mphuno imafunabe utsi wa nkhuni. Ndipo ukudziwa kuti kuno amalima fodya wa bale ngati kwathu? Zigafa zake ndi zamatabwa, zazitali, zakuda bii. Ndikamadutsa nthawi yokolola fungo lija limandifikitsa ku Kasungu. Agogo awo a alamu ako moyo wawo wonse unathera m'fodya wa eni, m'kalembera amangowalemba kuti wogwira ntchito pa famu.

Chabwino, ndibwerere. Mmene uyenera kuyendera ndi chobwerera m'mbuyo, kuchoka pa amene tikumudziwa. Usadumphe. Yambira 1950, ndi womaliza amene anatsegulidwa, mu Epulo 2022. Kuno amabisa kalembera zaka 72, ndiye wa 1960 tidikira mpaka 2032, usataye bandulo kumufunafuna. Mu 1950 apongozi alimo ali kamwana, ndinakutumizira kale chithunzicho. Kuchoka apo 1940, 1930, 1920, choncho, banja lomwelo, ukuona ana akucheperachepera msinkhu mpaka makolo nawonso asanduka ana m'nyumba ya makolo awo. Pa 1940 uyang'ane kachizindikiro ka X kozunguliridwa pambali pa dzina, ameneyo ndi amene anayankha mafunso. Ngati anayankha ndi mayi wa pakhomo, zaka za ana uzikhulupirire. Ngati palibe chizindikiro, mwina anayankha ndi woyandikana nawo nyumba.

Wa 1900 ndimaukonda kwambiri. Uli ndi mwezi ndi chaka chobadwira, zaka zimene akhala m'banja, ndiye kwa mayi aliyense anafunsa kuti wabereka ana angati, ndipo amoyo ndi angati. Uwerenge manambala awiriwo. Akasiyana, ndiye kuti pali ana amene anamwalira, ena mwina anabadwa n'kumwalira pakati pa makalembera awiri, osalembedwa paliponse, ndipo mwina tingawapeze kumanda. Wa 1890 usaufune, unapsa ndi moto ku Washington mu 1921, zotsala ndi tizidutswa. Ndiye kuchoka 1900 ugwera pa 1880, zaka makumi awiri, mwana wobadwa 1881 akhoza kukula n'kukwatiwa osaoneka m'nyumba ya bambo ake ngakhale kamodzi. Pamenepo ndi pamene anthu ambiri amasochera. Wa 1880 ndi wabwino chifukwa umanena ubale, uyu mkazi wake, uyu mwana, uyu mpongozi. Wa 1870 sunena, umangondandalika anthu, ndiye usaganize kuti aliyense wamng'ono m'nyumbamo ndi mwana wa mwini nyumba. Nkhondo itangotha anthu ankasunga ana amasiye, ana a achibale ogulitsidwa kutali, aliyense.

Ndipo chonde, chonde, uzitsegula chithunzi cha tsamba lenilenilo. Zija zotaipa zimene zimabwera ukasaka ndi za munthu wina kapena makina amene anawerenga zolemba pamanja, amaphonya. Wolemba kalemberayo nayenso ankalemba mmene wamvera. Dzina la banja lathu ndalipeza litalembedwa mitundu itatu. Zaka nazo zimayendayenda, munthu ali ndi 30 mu 1870, mu 1880 ali ndi 45. Anthu obadwira mu ukapolo ambiri sankadziwa chaka chawo, ngati agogo aakazi aja ankangoti ndinabadwa chaka cha dzombe. Ndiye usadalire dzina lokha, usadalire zaka zokha. Uone gulu lonse: mkazi ndi yemweyo? Ana akutsatana chimodzimodzi? Oyandikana nawo ndi omwewo? Wolembayo ankayenda khomo ndi khomo, ndiye tsamba la kutsogolo ndi la kumbuyo ndi mudzi womwewo. Kumidzi ya kuno abale ankamanga moyandikana ngati kwathu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mchimwene wanga.

China chimene chimandivuta ine monga Mchewa, kuno mkazi akakwatiwa dzina la kwawo limasowa. Ife timawerenga bele, timadziwa kuti uyu ndi wa mbumba ya uje. Kuno mzere wa amayi umangoduka. Chothandiza ndi satifiketi ya imfa. Kentucky inayamba kulemba za kubadwa ndi imfa mokhazikika mu 1911, ndipo pa satifiketi pamakhala dzina la bambo wa malemuyo ndi dzina la mayi ake la kwawo, komanso manda amene anaikidwa. Ndiye ana onse a m'nyumba ya 1880 ija, aliyense amene anamwalira 1911 itadutsa, umufunire satifiketi. Onse, osati wa mzere wathu yekha. Wina wopereka uthenga analemba kuti sakudziwa, koma pa satifiketi ya mlongo wake upeza dzina lilipo.

Za kumanda zisiye kwa ine, koma ndikuuze kuti usapusitsidwe ndi Find a Grave, webusaiti ya maina a m'manda. Amalembapo ndi anthu ongodzipereka, ena osamala, ena amangokopera za anzawo. Ngati palibe chithunzi cha chiliza, uziike ngati mphekesera. Ngakhale chithunzi chilipo, ziliza zina anamanga zidzukulu patapita zaka zambiri, chaka chobadwira n'chongoganizira. Chaka chomwalira ndiye kawirikawiri chimakhala choona.

Loweruka tinapitako, ine, alamu ako ndi apongozi. Manda ake ali kuseri kwa katchalitchi ka Baptist, kumudzi, msewu wake wamiyala. Iwe, kuno munthu umangolowa kumanda ndi foni m'manja, osapempha kwa amfumu, osaopa kanthu. Ine miyendo inkakana pa chipata, ndinayamba ndapemphera chamumtima. Kutsogolo kuli ziliza zabwinobwino zolembedwa. Ukamapita kumbuyo, kumitengo yonga mkungudza, kuli miyala wamba ya m'munda, yongozika, umodzi kumutu wina kumiyendo, yopanda chilembo ngakhale chimodzi. Pena palibe ndi mwala womwe, pangotsala podikha pansi, m'mizere, onse kuyang'ana kum'mawa. Apongozi ankayenda ndi ndodo yawo akuloza, apa pagona azakhali a mayi anga, apa ana awiri a chimfine cha 1918. Zonsezo zili m'mutu mwawo mokha. Ndinawajambula mawu, ndipo ndajambula mapu pa pepala, mwala uliwonse ndaupatsa nambala.

Ndiye tamvera ichi, ndi chimene ndimafuna ugwire sabata ino. Pakati pa miyala ija pali chiliza chimodzi choyera cha boma, cha msilikali, dzina la banja lathu, pansi pake zilembo USCT. Amenewo ndi magulu a asilikali akuda a nkhondo ya 1861 mpaka 1865. Kuno ambiri analembetsa ku Camp Nelson, kum'mwera kwa Lexington, kuyambira 1864, amuna oposa 10,000, chifukwa kapolo akalowa usilikali ankamasuka. Akazi ndi ana ankawatsatira kumeneko. Mu Novembala 1864 anawathamangitsa mu msasamo kunja kukuzizira koopsa, anthu pafupifupi 400, ndipo oposa 100 anafa. Pano malowo boma linawasunga ngati chikumbutso, tidzapita ndi ana sukulu ikatsekera. Chofunika kwa ife n'chakuti mapepala a asilikali a ku Kentucky nthawi zambiri amatchula dzina la mwini wa kapoloyo. Ukapeza pepala la msilikali ameneyu, ndipo dzina la mwini likakhala la mzungu wako uja, ndiye kuti ntchito yako sinapite pachabe, wangomuika malo olakwika. Tikatero tidzapita ku ofesi ya kaunti kukaona mawilo ndi mapepala ogawa chuma cha masiye a banja limenelo, chifukwa mmenemo akapolo ankawatchula maina, poti ankawagawa pamodzi ndi katundu. Uonenso maukwati a 1866, chaka chimenecho anthu amene anakwatirana ali akapolo analoledwa kukalembetsa mabanja awo.

Ndipo zija unanena pa gulu zoti mwina makolo awo anachokera ku Nkhotakota, usazibwerezenso pamaso pa apongozi. A kwa Jumbe ankawawolotsa nyanja kupita ku Kilwa ndi Zanzibar, ndi njira ina imeneyo. Mayiwa akufuna dzina limodzi loona, la mayi amene anabereka msilikali uja.

Nthawi ndi yochepa. Lolemba lomaliza la Meyi ndi tsiku lokumbukira asilikali, ndipo banja lonse limakumana kumanda kuja kulambula, kuika maluwa, kenako kudya pa tchalitchi. Apongozi akufuna kusindikiza mndandandawu agawire aliyense. Ndiye pofika pa 15 unditumizire zimene wapeza, dzina lililonse ndi chithunzi cha tsamba limene walipeza, chaka chake ndi nambala ya mzere. Pamene sunatsimikize usiye pobooka, palibe amene akudzudzule. Utumize kwa ine ndekha, osati pa gulu.

Komanso iwe ndiwe malume awo a anawa, mbali ya kwathu ili m'manja mwako. Ukapita kumudzi Lamulungu ukhale pansi ndi amayi, uyatse foni, awatchule onse, amayi awo, agogo awo, mfunda wawo, mudzi umene anachokera asanafike pamene tili, ndi amene anagona pati kumanda kwathu. Uwafunse ali okhaokha, azakhali akakhalapo amawadula mawu. Mwana wanga wamkuluyu wafunsidwa ku sukulu mbali zonse ziwiri, ndipo ine ndathera pa agogo a amayi basi.

Foni ikutha moto. Uchotse kaye mzungu uja, ukatero undiuze, ndiwaimbire apongozi ndisanagone.