Makalata a omvera: filimu ya mwana wa ku Wimbe

Tabweranso omvera, lero nkhani ndi ya mafilimu. Tiyambe ndi mayi wina wa ku Kasungu, watilembera pa WhatsApp.

"Achimwene, mwana wanga anandiikira pafoni filimu ija ya William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, akuti amayi onerani zakwanu izi. Tsiku loyamba sindinaimalize. Itafika poti anthu akulimbirana chimanga ndinangozimitsa foni, chifukwa 2002 ineyo ndinaimapo pamzere ngati umenewo kuyambira mbandakucha mwana ali kumbuyo, dzuwa mpaka kupendeka, kubwerako ndi kathumba ka madeya basi. Galu uja Khamba atafa ndinalira ngati maliro a munthu. Koma ndifunse nawo, bambo ake a William aja akulankhula Chichewa chakuti? Mawu ena ndimachita kuuza mwana kuti andiwerengere zachingerezi zapansizo ndiye ndimve."

Amayi pepani, amene tinaiona njala imeneyo filimuyi sitiionera tikuseka ayi. Koma pomalizapa mwandiseketsa. Bambo aja ndi Chiwetel Ejiofor, wa ku Britain koma makolo ake a ku Nigeria, ndiyenso anatsogolera filimu yonse, inatuluka 2019 pa Netflix. Kamnyamata kanasewera William kaja, Maxwell Simba, nka ku Kenya. Ndiye lilime likamapotoka musadabwe, anachita kuloweza anthuwa. Mukaionerenso mutchere khutu kwa Lily Banda, chemwali wake wa William mufilimumo, uyo ndi wathu, mumva kusiyana kwake.

Ineyo sindiwadzudzula kwambiri, akanatha kungoipanga yonse mchingerezi nkukaijambulira kwina, koma anabwera mpaka ku Wimbe konko, dera la kwawo kwa William ku Kasungu, gule wamkulu nkumuonetsa. Chimene chimandivuta nchakuti filimu inathamangira zopopa madzi, pomwe makina oyamba oyendera mphepo amene William anapanga kwawo ku Masitala anali oyatsa mababu ndi wailesi, anamanga ndi mitengo ya bulugamu, dainamo ya njinga ndi fani ya thilakitala yotola kotaya zitsulo, ali ndi zaka 14 atasiya sukulu chifukwa cha fizi. Za madzi zinabwera pambuyo.

Wina ndi mnyamata wa ku Ndirande. "Akulu, dzulo ndinalowa vidiyo sho kuonera yakarate yomasulira ija, Mchaina akuuluka padenga womasulira nkumati ankolo akuthawa ngongole ya kachasu, holo yonse kugwa ndi phwete. Kodi zimene amanenazo nzomwe zimalankhulidwadi mufilimu?"

Mphwanga, Mchaina ameneyo kachasu anamumwera kuti? Anyamata omasulirawa nthawi zambiri amangotsata zochitika nkuthira mchere wawo, ndipo nchifukwa chake agogo amene sanapite kusukulu amakhala phee mpaka filimu kutha. Ine womasulira akangoyamba kulalata pamwamba pa nyimbo ndimatuluka, koma uyu wa ngongole ya kachasu undiuze holo yake ndibwere Loweruka.