Nsima yotsala kumanzere kwa mbale

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse.

Inu amene mukusamalira odwala sitiroko, ena mwaziona izi. Mwawapatsa agogo nsima, adya mbali ya kumanja kwa mbale n'kunena kuti yatha. Mukaitembenuza mbaleyo, ayambiranso kudya. Pometa ndevu ameta tsaya limodzi, polowa m'nyumba amenyetsa phewa la kumanzere pachitseko. Si khungu ayi, komanso si mwano. Ubongo wasiya kulabadira za kumanzere. Achipatala amati neglect, ndipo kawirikawiri imabwera mbali ya kumanja ya ubongo ikavulala ndi sitiroko kapena ngozi. Mwiniwake sadziwa n'komwe kuti pali zimene akuphonya, n'chifukwa chake kuwakalipira sikuphula kanthu.

Mbali ziwiri za ubongo zimakokana. Ya kumanzere imakokera chidwi kumanja, ya kumanja imakokera kumanzere. Ya kumanja ikafooka, inzake imangokoka yokha. Njira zimene ndifotokozezi n'zobweza chidwicho popanda opaleshoni.

Ndiyambe ndi magalasi a prism, amene Yves Rossetti ndi anzake ku Lyon, France, anasonyeza mu 1998 kuti amathandiza. Amasuntha chilichonse chooneka ndi madigiri 10 kupita kumanja. Wodwala amakhala patebulo n'kumaloza kadontho maulendo 50 kapena kupitirira, mkono utabisika pansi pa thabwa kuti aziona chala chokha kumapeto. Poyamba amaphonya, chala chimagwera kumanja. Pang'onopang'ono ubongo umakokera dzanja kumanzere, ndipo akavula magalasi kukokako kumatsalira. Ambiri amachita mphindi 20, kawiri pa tsiku, kwa milungu iwiri. Zimalakwika apa: kungovala magalasi osaloza kanthu n'kutaya nthawi, ndipo akamauona mkono wonse amakonza dzanja lili m'njira, ubongo suphunzira mokwanira.

Pali kachipangizo konjenjemera ka 80 pa sekondi, kamene amakagunditsa pa mnofu wa kumbuyo kwa khosi, kumanzere. Kamathandiza kwambiri wodwala akamafufuza zinthu ndi maso nthawi yomweyo. Palinso madontho oyenda pakompyuta kuchoka kumanja kupita kumanzere, wodwala n'kumawatsatira ndi maso.

Madzi ozizira othira m'khutu la kumanzere amachepetsadi vutoli, koma kwa mphindi 10 kapena 15 basi, n'kusiya chizungulire ndi kusanza. Chonde, kunyumba musayerekeze.

Tsono za maginito ndi magetsi. Pa njira ya maginito, yotchedwa TMS, amaika koyilo ya maginito pamutu, kumanzere, pambali yabwinoyo, kuti aichepetse ukali. Wa khunyu, wa chitsulo m'mutu, kapena wa kachipangizo kothandiza mtima kugunda, sayenera. Pa njira ya magetsi, yotchedwa tDCS, amamanga pamutu masiponji awiri onyowa ndi madzi amchere, n'kudutsitsa magetsi ochepetsetsa, milliamp 1 kapena 2, kwa mphindi 20. Siponji ikauma imawotcha khungu. Izi zikadali pa kafukufuku. Ena amayamba kujambula wotchi bwino papepala achipatala akamawayesa, koma posamba ndi povala osasintha kwenikweni, ndiye asakunamizeni munthu kuti makina okha achiza.

Ntchito yaikulu ili ndi inu. Pocheza, khalani kumanzere kwawo. Jambulani mzere wofiira wonenepa m'mphepete mwa kumanzere kwa tsamba, aziufuna kaye asanayambe kuwerenga mzere uliwonse. Dzanja la kumanzere lizisuntha kumbali yake komweko, ngakhale zala zokha. Mphindi zochepa kangapo pa tsiku zimaposa ola lathunthu atatopa kale.

Koma mukamachoka pakhomo, madzi akumwa ndi foni ziikeni kumanja kumene aziona. Mbaula isakhale kumanzere kwawo, msewu asawoloke okha, ndipo musanakankhe njinga yawo ya olumala onani kaye ngati dzanja la kumanzere silikulendewera pafupi ndi masipoko.